Kupanga Chakudya Chozizira cha Zipatso Zathu

Anzanga ambiri pasukulu pano amaganiza kuti chakudya chozizira chija timachiona pazithunzi, chothiridwa m'tambula yaitali, zipatso zili pansi zina zili pamwamba, ndi cha anthu a ndalama a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg okha. Ine ndikuti ayi. Ndakhala ndikuchipanga kwathu pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo zofunika zake zonse ndimazipeza pamsika wa pa Boma pano kapena pa Jenda, zina ndimangotola pansi pa mtengo. Tsono popeza akonzi a magazini yathu apempha kuti aliyense alembe chimene adziwa, ine ndati ndifotokoze kapangidwe kake pamodzi ndi zifukwa zake zomwe, pakuti munthu wodziwa chifukwa sasowa chochita tsiku limene chinthu china chasowa m'nyumba.

Chakudyachi chili ndi maina awiri achilendo, ndipo ndi bwino tiyambe tawamasulira. Loyamba ndi sorbet. Amenewa ndi madzi a zipatso othira shuga, amene aziziritsidwa mpaka kuundana, koma akutakasidwa, kotero kuti salimba ngati mwala, amakhala ofewa oti supuni n'kulowa. Mulibe mkaka m'menemo, ndipo apa ndi pamene asiyanira ndi ayisikirimu. Mawuwa adayenda ulendo wautali. Gwero lake ndi mawu a Chiarabu otanthauza kumwa. Anthu a ku Turkey adawatenga natchula nawo chakumwa chawo chozizira cha zipatso, a ku Italy adawalandira nawasandutsa sorbetto, ndipo a ku France adadula mchira nangoti sorbet. Munthu wina dzina lake Antonio Latini, amene anali kapitao wa zakudya m'nyumba ya bwana wamkulu mumzinda wa Naples, adalemba kapangidwe kake m'buku cha m'ma 1690. Masiku amenewo firiji kunalibe. Ankatuta chipale chofewa kumapiri nthawi yachisanu, nachisunga m'maenje, nachisakaniza ndi mchere pofuna kuundanitsa zakumwa zawo. Mcherewo muusunge m'mutu, tikaupezanso kutsogoloku.

Dzina lachiwiri ndi sundae, ndipo ili ndi la ku America. Ndi dzina lomwe lija la tsiku Lamulungu m'Chingerezi, angosintha chilembo chotsiriza. Mizinda iwiri yakhala ikulimbirana ulemu woti ndiyo idayambitsa chakudyachi. A ku Two Rivers, m'chigawo cha Wisconsin, amati adayamba ndi munthu wawo Edward Berners mu 1881. A ku Ithaca, m'chigawo cha New York, amati ayi, adayamba ndi Chester Platt, mwini sitolo ya mankhwala, amene pa 3 Epulo 1892, tsiku Lamulungu, adapatsa mbusa John Scott ayisikirimu wothira msuzi wa zipatso atatuluka m'tchalitchi. Patapita masiku awiri Platt adalengeza malonda akewo m'nyuzipepala, ndipo pepalalo lilipo. Ndikadakhala ine woweruza ndikadagamula mokomera a ku Ithaca, pakuti mlandu amawina ndi amene ali ndi mboni. Koma sadandiitane kubwalo. Mu 1904 mnyamata wina wa ku Latrobe, David Strickler, adang'amba nthochi pakati naika ayisikirimu pamwamba pake, ndipo kuyambira pamenepo zipatso zidakhazikika m'mbale imeneyi. Mwachidule, sundae ndi chozizira chilichonse chimene chaikidwa m'tambula kapena m'mbale pamodzi ndi zipatso zodula, msuzi wotsekemera ndi mtedza.

Tisadabwe nazo kwambiri, pakuti mbale wake wa sorbet timamudziwa tonse. Ndi mafilizesi aja a malambe amene amayi amagulitsa pachipata cha sukulu ndi pa depoti nthawi ya dzuwa la Okutobala. Zopangira zake ndi zomwezo: madzi, chipatso ndi shuga. Koma filizesi amangomangidwa m'kapepala ka pulasitiki naikidwa m'firiji osagwedezedwa, ndiponso shuga amakhala wochepa chifukwa wogulitsa afuna phindu. N'chifukwa chake umayamwa kutsekemera konse m'mphindi ziwiri, n'kutsala ndi mwala woyera wopanda kukoma. Ntchito yonse ya nkhani ino ndiyo kupewa mwala umenewo.

Tsono tiyambe ndi zipatso. Kuno kwathu mfumu ya ntchitoyi ndi mango. Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka mu Januwale, aliyense woyenda m'midzi ya kwa Mzukuzuku, kwa Mabilabo ndi kwa Mzikubola amaona yekha mmene mango amagwera pansi ndi kuwola, ntchentche zikuchita phwando, nkhumba mpaka kutopa nawo. Pofika mwezi wa Malichi ife tomwe tayamba kugula zakumwa za m'mabotolo zimene zangothiridwa fungo la mango. Zimenezi ine zimandiwawa mtima. Mango oyenera ndi akupsa kwambiri, koma osavunda ndiponso osabooledwa ndi mphutsi. Akumezanitsa aja, monga Kent ndi Keitt amene mbewu yake idachokera ku Florida, alibe ulusi wambiri ndipo savuta kusefa. Koma ine ndimakonda mango athu aang'ono a ulusi, pakuti fungo lawo ndi lamphamvu, ndipo kuzizira kumapha fungo. Chipatso cha fungo lofooka chikaundana chimangomveka ngati madzi a shuga. Muwatsuke, muwasende, mufinye mnofu wake ndi manja otsuka ndi sopo, ndipo muusefe pa sefa kapena pansalu yoyera yowiritsa kuti ulusi wonse utsale. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo ang'ono anu akadzipereka kuthandiza muwayang'anire, chifukwa theka limathera m'kamwa.

Masuku amapsa nthawi yomweyo, ndipo a m'nkhalango ya Perekezi amafika pamsika m'madengu ndi m'ndowa. Amatulutsa sorbet wokoma ngati uchi, koma mnofu wake ndi wochepa, kotero pamafunika masuku ambiri kuti mupeze makapu ochepa. Muwafinye limodzilimodzi m'mbale, muthire madzi owiritsa pang'ono, mutikite nthangala zake kuti mnofu uchoke, ndipo musefe. Makoko musawasinje pamodzi, amaumitsa m'kamwa.

Mango ndi masuku akatha, chipulumutso chathu ndi malambe. Mlambe sukonda kuno, pakuti Mzimba ali pamtunda wopitirira mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mtengowu umafuna malo otsika otentha, monga Salima, Mangochi ndi chigwa cha Shire. Koma zipatso zake zimatipeza pamsika, ndipo ubwino wake ndi wakuti ufa wake umauma wokha m'chigoba, kotero umasungika miyezi yambiri osawonongeka. Muli vitamini C wochuluka. Mu 2008 maiko a ku Ulaya adavomereza ufa wa malambe kuti uzigulitsidwa kwawo ngati chakudya, ndipo kumeneko amaugula m'timabotolo pamtengo wokwera, chinthu chimene ana a ku Mangochi amangotola kutchire. Munyike makapu 2 a malambe m'makapu 4 a madzi owiritsa ofunda, mudikire ola limodzi, mutakase mpaka nthangala zitayera, ndipo musefe. Popeza malambe ndi owawasa, musathirenso mandimu. Ine ndimasakanizamo nthochi imodzi kapena ziwiri zakupsa zophwanyaphwanya, chifukwa madzi a malambe paokha ndi opyapyala ndipo nthochi imawapatsa thupi. Magwafa, mapapaya, chinanazi, malalanje ndi manachesi, zonsezi zimatheka. Njira yake ndi yomweyo.

Tisanapitirire ndiyenera kunena za madzi, ndipo apa sindikuseka. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kuzizira kumapha tizilombo toyambitsa matenda. Si zoona. Moto ndiwo umapha. Kuzizira kumangotigoneka, ndipo ayezi akasungunuka m'mimba tina timadzuka. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022, nupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Taonaninso kuti nyengo ya mango ndiyo nyengo ya mvula yoyamba, pamene madzi othamanga amakokolola zonyansa kupita nazo kuzitsime. Chakudya chathuchi sichiphikidwa. Chimene chalowamo chalowamo. Chifukwa chake dontho lililonse la madzi, kaya otsukira zipatso, kaya onyikira malambe, kaya otsukira tambula, likhale lowiritsa kapena lothira klorini. Mpeni, sefa ndi supuni muzithire madzi owira. Ndipo amene afuna kupanga kuti agulitse pa tsiku la masewera apeze ndalama ya sopo ndi makope, adziwe kuti wasenza moyo wa anthu onse amene adzagula.

Tsopano tifike pa shuga, amene ali chinsinsi choyamba. Pa makapu 4 a mnofu wa mango wosefa pamafunika kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya madzi, madzi a mandimu awiri, ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Shugayo musamuthire wouma. Mumuike m'poto pamodzi ndi kapu ya madzi ija, muike pambaula, mutakase mpaka atasungunuka yense ndi kuwira mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo muphule kuti azizire. Akazizira musakanize ndi mango ndi mandimu. Shuga wofiirira wa ku Dwangwa kapena ku Nchalo amatheka ndithu, kungoti amadetsa mtundu pang'ono. Wofuna chikasu chowala agule woyera.

Kodi n'chifukwa ninji muyeso umenewu uli wofunika chotere? Aphunzitsi athu a sayansi adatiphunzitsa kuti madzi oyera amaundana pa madigiri 0. Poundana, tizigawo tating'onoting'ono ta madzi timagwirana manja ndi kufola m'mizere ngati ana asukulu pa pelete ya m'mawa, ndipo mizereyo ndiyo ayezi. Tsono shuga akasungunuka m'madzi, tizigawo take timalowa pakati pa mizere ndi kusokoneza, monga mbuzi zolowa pabwalo nthawi ya pelete, kotero kuti madziwo amafuna kuzizira koposa madigiri 0 kuti aundane. Ndipo pali chinanso. Madzi ena akaundana amasiya shuga wawo m'madzi otsala, madzi otsalawo amatsekemera koposa kale, ndipo amakanitsitsa kuundana. Mapeto ake timakhala ndi timibulu tosawerengeka ta ayezi, tikusambira m'madzi olemera a shuga amene sadaundane. Chimenecho ndicho sorbet. Shuga akachepa, pafupifupi madzi onse amaundana ndipo mwapanga filizesi. Shuga akachuluka, mudzadikira mpaka mawa, chidzangokhala phala lozizira. Akatswiri amati shuga yense, kuwerengera ndi wa m'chipatso momwe, akhale pakati pa magawo 25 ndi 30 pa magawo 100 alionse.

Ife tilibe chipangizo choyezera zimenezo, koma tili ndi nkhuku. Tengani dzira latsopano, mulitsuke bwino lomwe ndi sopo ndi madzi owiritsa, ndipo muliike m'madzi a zipatso aja. Likamira, shuga wachepa. Likayandama, chigoba choonekera pamwamba n'kukhala chachikulu ngati chitsekero cha botolo, muyeso wakwana. Chikaonekera chachikulu koposa pamenepo, wonjezerani madzi. Chifukwa chake n'chakuti madzi a shuga ndi olemera koposa madzi wamba, ndipo amanyamula dzira. Njirayi imagwira bwino pa madzi opyapyala monga a malalanje ndi malambe. Pa phala lolimba la mango dzira limangokhala pamene mwaliika, kotero pamenepo dalirani kapu ndi lilime. Lilimelo likuuzeni kuti mwatsekemeretsa pang'ono kupitirira muyeso, pakuti chinthu chikazizira kwambiri kutsekemera kwake sikumveka konse. Mandimu ntchito yawo ndi kudzutsa kukoma kumene kuzizira kwagoneka.

Chinsinsi chachiwiri ndi kutakasa. Amene kwawo kuli firiji, ndipo masiku ano m'midzi yambiri ya kuno muli mafiriji amene abale athu a ku Joni adabwera nawo pa ngolo za mabasi, athire madzi a zipatsowo m'mbale yachitsulo yotakata, yosazama, navundikire, naike m'chipinda choundanitsa. Chitsulo chiposa pulasitiki chifukwa chimatulutsa kutentha msanga. Mbaleyo isadzaze, pakuti madzi akaundana amafufuma. Pakapita mphindi 45 mudzapeza m'mphepete mwayamba kulimba. Palani m'mphepetemo ndi foloko, musakanize ndi zapakati, mumenye mwamphamvu, ndi kubwezera. Muchite chimodzimodzi mphindi 30 zilizonse, kanayi kapena kasanu, mpaka zonse zitakhala ngati nsima yofewa. Kutakasako kumaphwanya timibulu ta ayezi tisanakule, ndiponso kumalowetsa mpweya umene umapepukitsa chakudyacho. Ntchito yonse imatenga maola 3 kapena 4, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Magetsi akathima pakati pa ntchito, musatsegule chitseko kuti muone. Kutsegulako ndiko kumatulutsa kuzizira kumene kwatsala.

Koma njira imene ine ndimaikonda ndi yachiwiri, yopanda firiji, chifukwa ndi yofulumira ndiponso munthu amaona sayansi ikugwira ntchito m'manja mwake. Pamafunika ayezi wogula kwa anthu a mafiriji pa Boma, pa Jenda kapena pa Embangweni, mchere wamibulu wotsika mtengo uja, ndowa, ndi chitini choyera chokhala ndi chivundikiro chothina, monga cha mkaka waufa. Ayeziyo mumukulunge m'chiguduli ndi kumuphwanya ndi munsi mpaka zidutswa zikhale ngati mtedza. Muthire madzi a zipatso m'chitini kufika pakati ndi kupitirira pang'ono, mutseke, muimike chitinicho pakati pa ndowa, ndipo muzungulize ayezi ndi mchere mosanjikiza, makapu 3 a ayezi pa kapu imodzi ya mchere, mpaka kufika m'khosi mwa chitini. Ndowayo muikulunge ndi bulangete. Tsono muzipotokola chitinicho uku ndi uku ndi dzanja lokulunga nsalu. Mphindi 5 zilizonse mupukute chivundikiro bwinobwino, mutsegule, mupale zolimba za m'mbali ndi mthiko, musakanize, mutsekenso. Kupukutako musakuiwale, pakuti dontho limodzi la madzi amchere likagwera m'kati ntchito yonse yapita. M'mphindi 30, kapena kupitirira pang'ono ngati kunja kwatentha, sorbet wapsa, ngati mawu akuti kupsa angaloledwe pa chinthu chozizira.

Anzanga ena ndikawauza zimenezi amatsutsa. Amati mchere umasungunula ayezi, nanga ungaziziritse bwanji? Kusungunukako ndiko kumene tikufuna. Ayezi sangasungunuke popanda kulandira kutentha, ndipo amafuna kochuluka zedi: kutentha kosungunula kilogalamu imodzi ya ayezi ndi kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu imodzi ya madzi kuchokera pa madigiri 0 kufika pa madigiri 80. Mchere umakakamiza ayezi kusungunuka msanga, ndipo iye posowa moto amalanda kutentha kulikonse kumene ali nako pafupi, ndiye kuti kwa madzi a m'ndowa ndi kwa chitini chathu. Madzi amchere aja saundana pa madigiri 0, kotero amapitirira kuzizira, ndipo angathe kutsika mpaka madigiri 21 pansi pa 0, kuposa chipinda choundanitsa cha mafiriji ambiri chimene chimakhala pa madigiri 18 pansi pa 0. Ayezi wopanda mchere sangathe ntchitoyi, chifukwa posungunuka amaima pa madigiri 0, pamene madzi athu a shuga, monga taona kale, amafuna kuzizira koposa pamenepo. N'chifukwa chake ndati dzanja likulungidwe. Madzi ozizira chotere amapweteka khungu ngati moto. Ndowa yathuyi si yachilendo. Mu 1843 mayi wina wa ku Philadelphia, Nancy Johnson, adapanga makina a mtundu womwewu, chitini m'kati mwa ndowa ya ayezi ndi mchere, kungoti iye adaikapo chogwirira chopukusa ndi zotakasira m'kati.

Wina afunsa kuti nanga ayeziyo ndikafika naye bwanji kumudzi, makilomita 15 panjinga, dzuwa lili pamutu? Yankho lili kwa akalipentala. Muike ayezi m'thumba la pulasitiki, mumange, ndi kumukwirira m'katoni yodzaza utuchi wouma. Utuchi umasunga mpweya pakati pake, ndipo mpweya wosayenda sulola kutentha kudutsa msanga. Frederic Tudor wa ku Boston adalemera ndi nzeru yomweyi: ankadula ayezi pa nyanja zoundana za kwawo, namutchinjiriza ndi utuchi ndi zina zotere, namutumiza kumaiko otentha. Mu 1833 sitima yake idayenda miyezi inayi kupita ku Calcutta, kuwoloka pakati pa dziko potentha kawiri, ndipo ayezi woposa theka adafika ali wolimba. Tsono ngati ayezi adafika ku India, sangalephere kufika ku Manyamula. Ndipo ife oyandikana ndi Chikangawa utuchi sitingausowe.

Sorbet akakonzeka, kwatsala kumanga sundae, ndipo apa m'pamene munthu aonetsa luso lake. Zonse zikhale zokonzeka chitini chisanatsegulidwe, chifukwa sorbet sadikira munthu. Matambula muwaziziritse m'firiji kapena muwaimike m'madzi ozizira. Zipatso zodula zikhale tizidutswa tating'ono tokwana pasupuni. Nthochi muzidule pomalizira ndi kuziwaza madzi a mandimu, pakuti zikakumana ndi mpweya zimada msanga, ndipo kuwawasa kwa mandimu kumachedwetsa kudako. Ine ndimati zipatso zisapitirire mitundu itatu m'tambula imodzi. Ndaona ena akuthira chilichonse chimene apeza, mapeyala omwe, ndipo mapeto ake palibe chimene chimamveka. Lamulo langa ndi lakuti chowawasa chikumane ndi chotsekemera: sorbet wa malambe apite ndi papaya ndi nthochi, wa mango apite ndi chinanazi kapena manachesi, wa masuku apite ndi nthochi yokha, chifukwa kukoma kwa suku n'kofatsa ndipo sikuchedwa kukwiriridwa.

Msuzi wothira pamwamba woposa yonse ndi wa magalagadeya. Mukombe zam'kati mwa magalagadeya 6, muthire masupuni 3 a shuga ndi madzi pang'ono, muwiritse mphindi zochepa mpaka zitayamba kunanda, ndi kuziziritsa. Nthangala zake musachotse, zimakongoletsa. Mabulosi amatheka chimodzimodzi ndipo amapereka mtundu wofiira. Uchi nawo ndi wabwino, koma ukakhudza chozizira umalimba ngati ulimbo, kotero muyambe mwausungunula ndi madzi a mandimu. Ndipo mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi, madokotala amaletsa. Mtedza muusankhe umodziumodzi, mutaye wonse wofota, wobooka ndi wachuku, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo safa ndi kukazinga. Wotsalawo muukazinge, muupukuse makoko, ndi kuukonola pang'ono chabe mumtondo. Musaupere kukhala nsinjiro, sitikutendera nkhwani. Chimene tifuna ndi chakuti dzino lipeze cholumaluma pakati pa zofewa zonsezo.

Kasanjidwe kake ndi aka. Pansi pa tambula muike zipatso zodula, pamwamba pake supuni yaikulu ya sorbet, kenaka msuzi pang'ono, zipatso zina, sorbet winanso, msuzi wotsala, ndi mtedza pamwamba penipeni. Supuni yokumbira muziinyika m'madzi ofunda owiritsa kuti sorbet achoke mozungulira bwino. Ife a dziko la ng'ombe tingathe kuwonjezapo supuni ya mafuta a pamwamba pa mkaka wowiritsa, kapena ya chambiko chotsekemeretsa, ndipo ine ndimati chambiko chiposa, chifukwa chimagwirizana ndi mango koposa mmene munthu angaganizire. Koma chenjerani ndi chinanazi ndi papaya zosaphika. Zipatso ziwirizi zili ndi mphamvu yophwanya zomanga thupi, mphamvu yomwe ija imene imafewetsa nyama yolimba ikakulungidwa m'masamba a papaya, ndipo zikakhalitsa pamodzi ndi mkaka zimauwawitsa. Ngati mwathira mkaka pa zipatso zimenezi, chidyedwe nthawi yomweyo.

Muyeso ndapereka uja umakwana matambula 8 kapena 10, malinga ndi dzanja la wogawa. Agogo ndi ena onse amene adokotala adawaletsa shuga muwapatse zipatso zodula ndi mtedza, sorbet angolawa kunsonga kwa supuni. Sorbet wotsala, ngati sadasungunuke, angasungidwe m'chipinda choundanitsa sabata imodzi atavundikiridwa bwino, ndipo pomutulutsa mumusiye mphindi 10 afewe musanakumbe. Koma amene wasungunuka nakhala panja nthawi yaitali asabwezedwenso m'firiji. Timibulu take timabwerera tili tatikulu, ndiponso tizilombo takhala titapeza mpata woswana. Madzi amchere a m'ndowa musawakhuthulire m'dimba kapena patsinde pa mtengo wa zipatso, chifukwa mchere umaumitsa mizu. Muwathire panjira pamene simufuna udzu.